Kuwolotsa Apongozi pa Nyanja ya Banda

Lachiwiri, 8 Julaye. Ambon.

Madzi tadzaza. Mpunga, gasi, nsomba zouma, zonse zalowa. Mawa tinyamuka kupita ku Baubau. Mphepo ya kum'mawa yayamba kale kukhwima, koma amuna anga a Saharu akuti tikadikira ndiye ikhwimiratu.

Apongozi, bambo a amuna anga, tili nawo m'ngalawa muno kuyambira mwezi watha, pamene aneba awo anatiimbira kuti awapeza kumsika opanda nsapato, akufunsa njira ya kwawo. Mutu ukuchoka pang'onopang'ono. Ngalawa yathu ndi nyumba ya anthu atatu: ine, a Saharu ndi mwana wathu Ima. Wachinayi alibe pogona. Ima wawapatsa agogo ake bedi, iye akugona pa benchi yodyera. Sakudandaula. Wodandaula ndine. Zofunda zawo ndimachapa m'ndowa m'mawa uliwonse, ndipo siziuma.

Mlamu wanga Samria wavomera kuwasunga ku Baubau. Sitima yaikulu apongozi anakana kukwera, anakakamira chitsulo cha pageti mpaka anthu kuunjikana. Ndiye tiwawolotsa tokha.

Lero andifunsa, "Kodi inu mayi, mumagwira ntchito muno?" Ndati eya. Si bodza.

Lachitatu, 9 Julaye.

Tatuluka. Mtunda wazimiririka masana. Mafunde akubwera kumbuyo, aakulu koma aulemu. Thanga lalikulu talipinda pang'ono. Ima wasanza kamodzi, kenaka wadya nthochi ngati palibe chachitika. Zaka khumi ndi zitatu, theka lake wakulira pamadzi.

Apongozi lero maso awala. Paunyamata wawo ankayenda nyanja yomweyi pa ngalawa zonyamula kokonati wouma. Akhala kuchiwongolero tsiku lonse, mphuno kumphepo. Lamba womangirira ndiye sakumufuna. "Mwandimanga ngati mbuzi ya pa Idi," atero. Ima wati, "Mbuzi yake yowonda chonchi angagule ndani, agogo?" Aseka mpaka kutsokomola. A Saharu anayang'ana kumbali. Papita nthawi asanamve bambo awo akuseka.

Lachinayi, 10 Julaye.

Mphepo yakwera. Kuphika kwakanika, poto anagwa ndi madzi otentha omwe, mwayi sanapse munthu. Mpunga wozizira wadzulo ndi nsomba. M'kati monse mwanyowa, fungo la dizilo ndi masanzi. Ntchafu zanga mabala okhaokha ogundika.

Apongozi ndawagoneka, ndamanga nsalu m'mbali mwa bedi kuti asagubuduke. Ndawadyetsa ndi supuni. Masana amafuna kupemphera, akuti ndiwalozere kwa Makka. Ndaloza. Asanamalize, ngalawa yapendekera kwina. Andiyang'ana ngati ndawanamiza. Ndati, "Pitirizani bambo, Mwini wake akudziwa kuti tikuyendayenda."

A Saharu sanagone. Maso ofiira, milomo yong'ambika ndi mchere. Ndawauza andisiyire chiwongolero, akana. Khalidwe la bambo awo.

Loweruka, 12 Julaye.

Dzulo sindikanatha kugwira cholembera.

Unali usana koma kumwamba bii. Mafunde otalika kuposa denga la mzikiti wa kwathu, oyera pamwamba. Chingwe cha thanga chinakodwa pa mlongoti, thanga likumenya ngati ling'ambika. A Saharu anayenera kukwawa kupita kutsogolo kukachimasula. Anandipatsa chiwongolero nkunena kuti, "Mayi a Ima, kaya chichitike chiyani, musachisiye. Ngalawa ikapereka nthiti kumafunde, ine ndiye ndapita."

Ali pa mlongoti, chitseko chapansi chinatseguka. Apongozi. Opanda lamba, nsalu ili m'manja, akufuna kukataya madzi m'mbali mwa ngalawa monga ankachitira kale. Ndinakuwa. Sanamve. Anaponda pa benchi, dzanja limodzi pa waya. Kumbuyo kwanga ndikumva funde likubwera.

Ima anali pambali panga, womangirira. Anadumpha nkuwakumbatira m'chiuno. Madzi anatigwera tonse, sindinaone kanthu. Atatsika, onse awiri anali pansi pafupi ndi mapazi anga, Ima ali kunsi, agogo ake pamwamba. Dzanja lake lamanzere litapindika molakwika. Ankalira kuti amayi, amayi.

Sindinasiye chiwongolero. Mwana wanga akulira pa mapazi anga, ine manja onse awiri pa chitsulo, mpaka bambo ake anabwerera.

Dzanja tinalimanga ndi mthiko ndi mpango wanga wakumutu. Kenaka ndinawatembenukira apongozi. Zimene ndinanena sindilemba zonse. Ndinati akufuna kutiphera mwana. Iwo ali nyowee, mano akugundana, anandiyang'ana nkuti, "Pepani mayi. Musanditsitse pano."

Ndinawavula zonyowa, ndinawapukuta, ndinawaveka malaya a mwana wawo. Nthiti zonse kuonekera. Ndinakhala nawo pansi nditawagwira phazi mpaka anagona.

Lamulungu, 13 Julaye.

Talowa kuseri kwa chilumba cha Buton. Nyanja yagona. Zofunda, zovala, mabuku a sukulu a Ima, zonse tayanika pa mawaya. Tiyi wotentha koyamba chichokereni Lachitatu.

Dzanja la Ima latupa, zala ngati nthochi. Mankhwala opha ululu atsala ochepa. Akusekabe. Akuti, "Agogo owonda koma kulemera ngati nangula." Agogo akewo akumusisita mutu, akumufunsa kuti wamumenya ndani, akamuonetsa.

Madzulo a Saharu analankhula. Akuti anacheuka nkuona zonse ali pa mlongoti. "Bambo anga uku, mwana wanga uku, ine nditagwira chingwe." Sanamalize. Ndinawasiya alire. Kenaka ndinati tikafika basi, munthu wodwala chonchi sitidzamutenganso pamadzi. Anagwedeza mutu.

Lachiwiri, 15 Julaye. Baubau.

Tafika dzulo. Kuchipatala akuti fupa lathyoka pafupi ndi chikhatho, amuika chikhakha. Lidzalumikizana.

Samria anabwera padoko ndi galimoto ya aneba. Anagwada, anapsompsona dzanja la bambo ake. Iwo anamupatsa moni waulemu ngati mlendo, nkumufunsa kuti ndi mwana wa ndani. Samria anaseka, kenaka anakatenga nthawi yaitali akukonza katundu kuseri kwa galimoto.

Chipinda chawo nchabwino. Zenera, mtengo wa mango panja, bedi losagwedera. A Saharu anawafotokozera kawiri kuti kuno nkwanu tsopano. Ine ndinamuonetsa Samria za mankhwala, ndi kuti mpunga amaufuna wofewa, ndi kuti akayamba kusisita bondo ndiye kuti akufuna kubafa. Samria anati, "Alamu, inu mukuwadziwa kuposa ife ana awo."

M'ngalawa muli malo. Ndagona tulo tofa nato. Ndikuchita manyazi kulemba, koma ndi zoona.

Lachisanu, 18 Julaye.

A Saharu akufuna tinyamuke Lolemba. Ku Flores kuli alendo amene timawayendetsa chaka chilichonse, ndiwo amatidyetsa. Thanga ndasoka. Injini akonza.

Samria wabwera m'mawa, maso otupa. Akuti apongozi sakudya. Athawa kawiri, kawiri konse awapeza padoko atakhala pa matumba a simenti. M'nyumba sakhazikika, akumakankha khoma ndi phewa, akuti, "Ngalawa yakhala pamchenga iyi, bwanji palibe akundithandiza?" Samria masana amakhala kumsika, amuna ake amayendetsa lole. Akuti kwatsala nkuwatsekera ndi loko. Ananena akuyang'ana pansi.

Ima anamva zonse. Wangokana chakudya.

Tsiku lonse ndakhala ndikupukuta mbale zopukutapukuta kale.

Loweruka, 19 Julaye.

Ndawauza a Saharu aponye nangula wachiwiri. Sitikupita. Alendo awapezere ngalawa ina, ife tiona chochita pano, kaya nkusoka matanga a anthu. Madzi a padoko ndi odekha, ngalawa imangogwedera pang'ono. Masana apongozi azikhala nafe, kugona kwa Samria. Mpaka liti sindikudziwa.

A Saharu anati, "Si inu munkati basi?" Ndati, "Ndinanena. Pano ndikunena zina." Anapita kutsogolo, ndinamva unyolo ukutsika.

Mantha ndili nawo. Mpunga umene tili nawo sufika mwezi wamawa, ndipo ndikudziwa kuti sabata isanathe ndikhala ndikudandaulanso ndi ndowa yochapira ija.

Ima akuti agogo ake afika. Ndikuwaona padoko, Samria wawagwira mkono, iwo akukoka kuti atsike masitepe okha. A Saharu ali m'madzi akupala pansi pa ngalawa, ndiye kabwato kokawatengera ndipalase ndine. Mpunga uli pamoto, Ima auone ndi dzanja lake limodzilo