Mphindi Ziwiri Zimene Ndinakubera

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu ndi kamwana. Matuza a kuphazi aja apola? Kuno tonse tili bwino, kupatula ine amene ndikutsikabe masitepe chammbali ngati nkhanu. Alamu ako akuti ndikuwachititsa manyazi pa anthu.

Mlamu, ndikudziwa kuti ndinu mukumuwerengera kalatayi. Chonde werengani zonse monga ndalembera, musakometse pena paliponse.

Ndamva kwa a Kochi kuti wasiya kuthamanga. Akuti unawaimbira foni n'kuwauza kuti nsapato zako apatse ena chifukwa miyendo yako yafika pothera, ndipo munthu amene waphonya malo a mpikisano wa kunja ndi mphindi ziwiri zathunthu asamavutitsenso anthu. Chimvereni zimenezi mutu wanga sukugwira ntchito. Dzulo ku shopu ndinadula thabwa la chitseko n'kuperewera, ine amene ndapala matabwa zaka makumi awiri.

Zaka zisanu ndi zinayi takhala tikuthamanga limodzi, chingwe chathu chija chili pa dzanja lako lamanzere ndi langa lamanja. Chisiyireni maso ako kuona, ntchito yanga yakhala yokuuza zimene zili kutsogolo, kaya dzenje, kaya chitunda, kaya kona, ndiponso kukuwerengera wotchi. Sunandifunsepo kawiri. Ndikati dumpha umadumpha, ngakhale tsiku lija ndinakudumphitsa mthunzi wa mtengo wa magetsi, amayi ogulitsa zipatso n'kutiseka mpaka kugwira m'mimba.

Tsopano imva zimene zinachitika Lamlungu lija.

Mpaka kilomita ya 30 zonse zinali bwino, tinali patsogolo pa nthawi yofunika ija ndi masekondi makumi anayi. Titadutsa mlatho wa njanji, kuseri kwa ntchafu yanga kunayamba kukokana, mpweya n'kumandithera. Ndinachepetsa liwiro pang'ono. Iwe unamva pa chingwe, ndipo unandifunsa ngati sitikuchedwa. Ndinakuuza kuti tathamangitsa kwambiri, tibwezeko moto kuopa kupsera m'njira. Unamvera.

Ukukumbukira kuti a Kochi anaimika mphunzitsi wa sukulu wamtali uja pa tebulo la madzi la pa 32, kuti ndikatopa ndingokweza dzanja iye alandire chingwe. Ndinamuona ali chilili, atavala kale malaya a otsogolera, akundiyang'ana m'maso. Dzanja sindinakweze. Ndinkadziwa kuti iwe sungaone kuti nkhope yanga yatheratu, ndipo ndinadalira zimenezo. Mwa zonse, ichi n'chimene chikundidya kwambiri.

Pa 35 unafunsanso nthawi. Ndinayang'ana wotchi n'kuchotsera mphindi imodzi. Pa 40 ndinachotsera ziwiri, n'kukuuza kuti tikadali m'kati. Ndinkadzinamiza kuti mwendo umasuka, tibweza kutsogolo. Koma chilungamo chake n'chakuti kuyambira pa 35 ndiwe unkandikoka ine. Wosaona ankakoka woona, anthu m'mbali mwa msewu n'kumatiombera m'manja.

Titadutsa mzere, unamva nthawi yathu yeniyeni pa chinkuzamawu. Unawerengera wekha kuti ngati pa 40 tinali bwino, ndiye kuti mphindi ziwirizo wazitaya iwe m'makilomita awiri omaliza, miyendo itakuthera osadziwa n'komwe. Unandipapasa phewa n'kunena kuti, "Achimwene, pepani, ndakugwiritsani ntchito yopanda phindu."

Ine ndinangokupatsa madzi. Ndinakuveka mendulo ya omaliza, ndinakuperekeza ku basi, ndinakunyamulira chikwama. Ndalirapo m'moyo uno, koma sindinalirepo ngati pobwerera kuchokera ku depoti tsiku limenelo.

Ukandifunsa chifukwa chake, ndi mantha. Ndili ndi zaka 44, iwe ukukulirakulira mphamvu. Ndakhala ndikuona chaka chonsechi kuti wandipitirira, ndipo ndinkaopa kuti ukangomaliza mpikisano umodzi ndi munthu wina, udzazindikira kuti mkulu wako wasanduka katundu. Ndinafuna kuti tsiku lako lalikulu likupeze uli pambali panga ine. Ndinakugwiritsa fuwa lamoto, mphwanga, ine amene unandipatsa maso ako kuti ndikusungire.

A Kochi anadziwa atangoona zimene wotchi yanga inasunga. Anabwera ku shopu, anaiika pa benchi pakati pa zopalapala, n'kunena kuti katunduyu ndi wanga, sandisenzera. Ndiye ndi uyu ndatula.

Miyendo yako ilibe mlandu. Pali mpikisano wina pakatha miyezi inayi umene nthawi yake ikuwerengedwabe, ndipo kulembetsa kutsekedwa Lachisanu la sabata yamawa. Mphunzitsi uja wavomera kumathamanga nawe m'mawa uliwonse asanalowe m'kalasi. Kunena zoona amalankhula pang'ono ngati mawu amachita kugula, koma liwiro ali nalo, ndipo kumapeto kwa mtunda amakhala akupumabe bwino.

Loweruka ndinakhala naye masana onse pa bwalo. Ndinamumanga nsalu kumaso n'kumuthamangitsa maulendo atatu kuti adziwe mmene kona imamvekera munthu ukakhala kuti sukuiona. Ndamuuza kuti umadana ndi mawu akuti samala, umafuna kuuzidwa chinthu chenichenicho. Ndamuuza kuti kapu ya madzi azikupatsa kudzanja lamanja, komanso kuti ukakhala chete asade nkhawa, ndiye kuti mphamvu zilipo. Anazilemba zonse m'kope ngati mwana wa sukulu.

Za ine ndaganiza kale. Chingwe sindidzachigwiranso. Sikuti ndikudzilanga, koma nthawi yanga inakwana kalekale, ndimangokana kuvomera.

Sindikupempha kuti undikhululukire msanga. Ukafuna kukhala osandilankhula chaka chathunthu, ndimvetsa, ndipo foni yanga ungathe osaiyankha. Koma ya a Kochi uyankhe Lachisanu lisanafike. Ndakulanda mpikisano umodzi, usandilole kuti ndikulande yonse.

Mlamu, zikomo powerenga, ndipo pepani pokusenzetsani mawu otere pakamwa panu. Mundipsompsonere kamwana, mupereke moni kwa onse kumeneko. Mulungu akusungeni.

Ndine mkulu wako,
amene unkamukhulupirira.