Chingwe cha phazi lanu

Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani mukupezako bwino. Kakolo uja akadali wotupa? Ine kuno ndilipo, kungoti mawondo achita kuda ndi kugwadira makasitomala m'sitolo ya nsapato muno.

Zoti munabinya mwendo potsika pakhonde ndinazimva kwa achimwene, nkhani itazizira kale. Akuti simunafune kundidandaulitsa poti pakhomo pali nesi, akazi a achimwenewo. Chabwino. Akuti alamuwo anakugwirani msongolo, n'kusindikiza fupa lakunja kwa kakolo, n'kunena kuti silinathyoke, yavulala ndi mitsempha. Sanalakwe. Anakuletsaninso kuthowa ndi madzi otentha tsiku loyamba. Pamenepanso sanalakwe, ndipo n'zimene zikundiwawa, chifukwa zomwezo ndikanakuuzani ine. Mafupa a phazi ndinawaloweza onse kuyunivesite, kuyambira chidendene mpaka kachala kakang'ono. Kusiya sukulu sikufufuta mutu.

Dzana kunabwera wina amene tinkakhala naye benchi imodzi m'kalasi, pano ndi dokotala. Anandipatsa phazi osandiyang'ana kumaso. Ndinamumangira zingwe bwinobwino. Sokosi yake inali yobooka pachala, ndiye mtima unakhalako pansi.

Koma izo ndi zazing'ono. Achimwene akuti alamu anakugulirani nsapato zafulati, ndipo inu munauza anthu odzakuzondani kuti aka n'koyamba kuvala nsapato zosaluma. Koyamba, amayi? Nanga zanga zonse zija? Chaka chilichonse mumayeza phazi ndi chingwe n'kunditumizira, ine n'kumazungulira nacho m'mashelefu, kufunafuna yotambalala kutsogolo chifukwa cha fupa lija lotuluka pa chala chachikulu chakumanzere. Ngati zinkaluma, munalekeranji kunena? Kapena zinayamba kuluma tsiku limene nesi analowa m'banja? Paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Pempho langa ndi limodzi. Kutupa kukaphwa, muyeze nokha, osati alamu. Muimirire, phazi liponde pansi zenizeni, chifukwa mukayeza muli chikhalire limanama. Chingwe chimodzi chichokere ku chidendene mpaka chala chachikulu, china chizungulire kakolo, ndipo chachiwiricho muchimange mfundo kuti ndisiyanitse. Mupatse msuweni akamabwera kuno. Ndaona nsapato ina yachikopa chofewa, yosakhula kumbuyo, ndipo ndaibisa kuseri kwa mabokosi kuti abwana asaigulitse.

Mundiperekere moni kwa azakhali, bambo aang'ono, achimwene ndi ana. Alamu muwauze kuti ndamva bandeji anamanga bwino. Musawonjezerepo mawu ena.

Chingwe chikapanda kubwera sindidzafunsa. Ndidzangoibweza nsapatoyo pashelefu, n'kudziwa kuti phazi lanu lapeza mwini wina.

Tsalani bwino, ndipo musapondere mwendowo msanga.

Ndine mwana wanu wamkazi,
uja munkamutcha adokotala