Madigadi a njinga yopanda zibowo

Okondedwa Bambo,

Ndayamba ndi moni, pakuti ndinu munatiphunzitsa kuti munthu sagwira handulo ya njinga ya mwini asanapereke moni. Mukudzuka bwanji masiku ano? Dzanja lamanja lija likumvako mankhwala? Nanga Amayi, msana uja wawaleka? Ine kuno ndili bwino. Ndikudya, ndikugona, ndipo ndanenepako moti mabatani a yunifolomu ayamba kudandaula.

Achemwali anandiuza pa foni kuti mwatseka shedi, ndipo mwauza anthu kuti bokosi la zida mukuligulitsa. Akuti mumangokhala pakhonde, munthu akabwera ndi njinga mumamulozera kwa amisiri a kumsika, n'kumati inu munatha ntchito. Sindibisa, nkhaniyi yandiwawa. Koma ndikaimba foni mumangoti zonse zili bwino n'kupatsira Amayi. Ndiye ndati ndilembe, chifukwa ndikudziwa kuti pepala mumaliwerenga mpaka pansi, ngakhale lokulungira sopo.

Nkhani yanga ndi ya njinga. Inde, ine ndemwe ndinkabisala mukandiitana kuti ndidzapope matayala, lero ndili ndi njinga. Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndikugwira ntchito, basi imazungulira kwambiri, imatha ola lathunthu. Koma pali njira yachidule ya miyala ndi dothi, yodutsa m'mbali mwa ngalande ndi kuseri kwa minda. Pa njinga ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu basi. Mnzanga wina wa kuntchito ankasamuka, ndiye ndinagula yake.

Mukanaiona mukanapukusa mutu. Handulo yake ndi yopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, matayala ndi onenepa okhala ndi timano, ndipo ndi yopepuka moti ndimakwera nayo masitepe ndi dzanja limodzi. Akuti anaipangira njira zoterezi. Ilibe kaliyala, ilibe belu, ilibe madigadi otchinga matope. Tsiku loyamba ndinkangoiona ngati nkhuku yososola, koma ikalowa m'miyala imayenda mosalala, ndipo ndaikonda.

Mavuto anayamba ndi mvula. M'mawa wina ndinafika kuntchito ndili ndi mzere wa matope kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi, ine osadziwa. Ndinapereka moni kwa aliyense, ndinayamba kugawa tiyi ndili nyadu. Mkulu wina wa m'chipinda cha kumapeto, amene kale ankayendetsa sitima, maso ofooka koma pakamwa pakuthwa, anandifunsa ngati ndagwa panjira kapena ndangoganiza zobwera ndi munda kumsana. Akulu a pantchito anandiitanira pambali n'kundiuza mwaulemu kuti matope ndi odwala siziyendera limodzi. Sanalakwitse.

Loweruka ndinaitembenuza njingayo, kuigoneka pa handulo ndi chishalo monga mumachitira inu, n'kuyamba kufunafuna zibowo za mabawuti a madigadi. Ndinapapasa pafupi ndi habu, kuseri kwa foloko, pansi pa chishalo. Paliponse posalala. Pamenepo ndinaganiza ngati mwana wanu weniweni: pomwe palibe chibowo, munthu amaboola. Ndinabwereka dililo yoboolera kwa eni nyumba, ndinaika timadontho ndi pensulo, kenako ndinapita kushopu ya njinga kukagula madigadi achitsulo ndi mabawuti, kuti ndikabwerako ndiyambe kuboola.

Mmisiri wa pashopupo ndi mayi, wamkulu pang'ono kwa ine, zikhadabo zakuda ndi girisi ngati zanu. Nditatchula za dililo anaika sipanala pansi. Kenako anagogoda felemu ndi chala kuti ndimve kulira kwake. Anati ichi si chitsulo cholemera chimene ndinazolowera, ndi chopyapyala ngati chitini cha mkaka, ndipo foloko yake si yachitsulo n'komwe. Chibowo chimodzi chimayambitsa mng'alu, ndiye tsiku lina uli pamtsetse foloko n'kuthyoka. Ndinachita manyazi. Dililo ndinakabweza tsiku lomwelo.

Anandiyalira mitundu itatu ya madigadi osafuna zibowo. Woyamba ndi kapulasitiki kolowetsa pansi pa chishalo, kakang'ono ngati lilime la nsapato. Anati kamateteza pokhalira pokha, koma mapazi ndi tcheni zimasamba matope ndithu. Wachiwiri umamangidwa pa chitsulo chonyamula chishalo n'kuima m'mwamba ngati mchira wa tambala. Umenewo ndinauseka, ndipo mmisiriyo anavomereza kuti m'miyala umapotokera kumbali. Wachitatu ndi madigadi aatali, kutsogolo ndi kumbuyo, okhala ndi timiyendo timene timatsamira pa felemu ndi pa foloko n'kumangidwa ndi timalamba ta labala.

Ine maso anagwera pa ena aatali koma opyapyala, okongola kwambiri. Mmisiriyo anakana. Anayeza tayala n'kunena kuti madigadi azikula kuposa tayala, apo ayi madzi amatulukira m'mbali, komanso pakati pa tayala ndi madigadi pazilowa chala momasuka, chifukwa njira yangayo matope ake amabwera ndi timiyala. Apa ndinaseka ndekha, chifukwa amenewo ndi mawu anu omwe: pomwe chala chakana, matope amamangapo nyumba. Ndinamuuza kuti bambo anga akonza njinga zaka makumi atatu ndi zisanu. Iye anandifunsa kuti nanga mwana wa mmisiri zoboola felemu anazitenga kuti. Ndinati ndinatengera kuchimake. Amayi musawawerengere pamenepa.

Ndinatenga otambalalawo. Anandipatsanso tepi yomata pa felemu pomwe padutse timalamba, kuti mchenga ukalowa usadye penti. Sabata yoyamba ndinali mfumukazi: msana woyera, nsapato zouma, mkulu wa sitima uja mpaka anadandaula kuti ndamulanda choseka.

Koma pali kachigawo ka njira pomwe miyala ndi yaikulu, njinga imanjenjemera mpaka mano kugundana. Pamenepo kamwendo ka kumbuyo kankatsetsereka pang'onopang'ono, madigadi n'kuyamba kukhula tayala. Ndinkatsika kawiri ulendo uliwonse kuti ndiwakweze. Ndikamangitsa kalamba, mawa lake zomwezo.

Tsiku lina ndili chiimire m'mbali mwa ngalande, mvula ikundinyowetsa, ndinakumbukira malegeni anu, mphira wa chubu uja munkamangira zinthu. Ndinakapempha chubu chakufa kushopu kuja, ndinachidula m'litali ndi sizasi ya kukhitchini, mulifupi zala ziwiri. Ndinayamba kukulunga pansi pa kamwendoko, ndikukoka, kuzungulira kulikonse kukuphimba theka la kunzake, mpaka kudutsa pamwamba. Bambo, manja anga ankadziwa okha. Ine ndinkayesa kuti zaka zonse zija m'shedi ndinkangotola manati pansi pa benchi mpaka munanditcha Kanati, kani maso ankaba ntchito.

Madigadi anagwira nji. Ndinadutsa pa miyala paja osamva phokoso lililonse. Mmisiri uja ataona anawagwedeza ndi manja awiri, osasuntha. Anati timalamba ta kufakitale tagonja, ndipo ali ndi makasitomala angapo amene amabwera ndi dandaulo lomweli. Anandipempha kuti ndimuonetse kakulungidwe kake, ndipo ndinamuonetsa ndikudzimva.

Chatsala ndi pomalizira. Inu simunkamanga mfundo. Munali ndi kasipoko kopinda kunsonga, munkakalowetsa penapake, kumapeto kwa mphira n'kuzimiririka osaonekanso, ndipo chomanga chanu anthu ankachita kudula ndi mpeni patapita zaka. Pamenepo ndiye sindinaonepo, chifukwa mukamafika pomaliza ine ndinkakhala nditathawa kale. Ndayesa mfundo, imamasuka pakatha masiku atatu n'kumalendewera ngati mchira wa khoswe. Ndayesa kupanikiza ndi sikuludilaiva, mphira unang'ambika. Mmisiri uja anayesa kumanga ndi kachingwe ka pulasitiki, kanadula mphirawo. Anafufuza pa foni yake, sanapeze. Pamapeto pake anakweza manja n'kunena kuti ndifunse mwini luso.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo ndi limodzi lokha. Mudule tizidutswa tiwiri ta mpini wa tsache, mukulungepo mphira monga mumachitira. Kamodzi mumalize bwinobwino, pa kachiwiriko musiye kasipoko kali komweko, kuti tione pomwe kamalowera ndi pomwe kamatulukira. Amalume akuti abwera kuno mwezi wamawa, muwapatsire. Musandifotokozere pa foni, mukudziwa mutu wanga, ndimamva ndi maso.

Ndikudziwa muyankha kuti dzanja silikukoka. Akoke ndi Amayi, inu muziwalozera ndi kuwakalipira monga mwa masiku onse, iwonso azikubwezerani monga mwa masiku onse. Kasipoko kaja kali m'bokosi, m'chitini cha mavavu, pansi pa masipanala aakulu. Ndi ine ndinakabisa m'menemo tsiku lina mutandikalipira, ndipo munakapeza n'kumakasunga momwemo mpaka lero. Wogula bokosilo adzakaona ngati waya wachabe n'kukataya.

Mmisiri uja wati ndikupatseni moni wake, ndipo akukutchulani kuti aphunzitsi. Wafunsanso ngati muli ndi njira yoletsera mabuleki kulira mvula ikagwa. Ndamuuza kuti muli nazo zitatu, koma tiyambe taona za mphira. Akusunga mafunso ena, ndiye konzekani.

Zina zonse kuno zili bwino. Chipinda changa n'chofunda, zenera layang'ana pabwalo pomwe anthu amayanika zovala, ndipo njinga imagona m'khonde lam'kati, pa katoni, kuti isadetse pansi pa eni ake. M'mawa ndikamapalasa m'mbali mwa ngalande ndimakhala wokondwa, ndipo nthawi zambiri ndimapezeka ndikuimba mluzu ngati inu.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti juzi ija ndikuvala. Moni kwa achemwali ndi alamu, ndipo achemwali musawakalipire chifukwa chondiuza, anachita bwino. Moni kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa amalume, muwauze asiye malo pang'ono m'chikwama.

Mpaka timitengoto tifike, ndizitsika masiku atatu alionse n'kumamanganso mfundo yanga yonyozekayo m'mbali mwa msewu, anthu akuona kuti uyu ndi mwana wa mmisiri. Manyazi amenewo ndi anu, Bambo. Tsegulani bokosilo.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Kanati wanu uja