Kansalu ka Dzina la Nassoro

Kanyama, Lusaka

Achimwene Abdulhamid,

Assalaam alaikum. Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Mangochiko. Shuga uja akukuvutanibe? Kuno ana ali bwino, koma ine ayi, ndipo sindizungulira.

Mng'ono wanu Nassoro ali m'manja mwa apolisi, lero ndi tsiku lachisanu. Kalatayi ndapatsira Fred woyendetsa basi chifukwa foni ndayamba kuiopa.

Boma likukonza lamulo latsopano la chitetezo, lokhudza makamera a m'misewu ndi mafoni athu. Analengeza kuti akufuna kumva maganizo a anthu, koma msonkhanowo anauchitira ku hotela ya m'tauni, ndipo a kukomboni anabwezedwa pageti, ati alibe makalata owaitana. Achinyamata anapsa mtima, nakonza zoguba pamsewu. Tiza, mwana wa aneba athu, anabwera kushopu kudzasoketsa chinsalu cholembedwa kuti “Mutifunse kaye”.

Nassoro anakana, ati ife ana a obwera tisavine gule wa eni mudzi. Ndine ndinamukakamiza. Ndinamuuza kuti tinabadwira pompano, ndipo madzi akasefukira ku Kanyama safunsa kuti bambo ako anachokera kuti. Anavomera, koma anandichenjeza kuti pasakhale chizindikiro chathu.

Mukukumbukira lamulo la malemu bambo, loti chosokedwa sichituluka pakhomo chopanda kansalu ka dzina la mmisiri. Tinsalu timeneti ndasokerera zaka makumi awiri. Manja anangochita okha, achimwene. Ndinapinda m'mphepete, n'kuikapo dzina la Nassoro ndi nambala yake ya foni, n'kupereka.

Oguba aja atabalalitsidwa, chinsalucho chinatsala pamsewu. Patapita masiku awiri apolisi anafika nacho kushopu. Anali ndi zithunzi za Nassoro akutuluka mumzikiti, ndi mndandanda wa onse amene anawaimbira foni mwezi wathunthu. Inunso mulipo, kasanu ndi kawiri.

Ndinafunsa wamkulu wawo kuti wawaloleza ndani kufufuza munthu chonchi pomwe lamulo lake silinadutse. Anaseka, ati ba mayo, imwe muzisoka chabe, vinthu va boma visiyeni. Ndinamuuza kuti wosoka kansaluko ndine, andigwire ine. Anati dzina lili apa si lanu.

Tsopano akuti Nassoro ndi mlendo wodzasokoneza dziko, reji yake, chitupa cha unzika chija, ndi yachinyengo, ndipo Lachitatu likubwerali amuthamangitsira ku Malawi. Loya wina, a Mwiche, akutithandiza. Alemba makalata atatu kufunsa amene anapereka chilolezo, sanayankhidwe. Akuti chomwe chingamupulumutse msanga ndi khadi lake lakale la sikelo, losonyeza kuti anabadwira kuno ndipo amayi athu anali mbadwa ya dziko lino, a ku Katete.

Khadilo lili m'bokosi lachitsulo la bambo, limene munanyamula titatha maliro. Ndikudziwa kuti tsiku lija ndinakulankhulani mawu oipa chifukwa cha bokosilo, pamaso pa anthu. Ndinalakwa, ndikhululukireni. Ngati mkwiyo ulipobe, muusungire ine, osati iye.

Dzulo ndinakamuona. Sanandidzudzule ngakhale pang'ono, anangofunsa ngati ndathira mafuta makina ake. Bola akanandikalipira. Ndinabwerera ndikulira m'minibasi ngati mwana, ndipo mkazi wake Rumaisa sindikutha kumuyang'ana kumaso.

Chonde tsegulani bokosilo mukangowerenga. Fred abwerera Lolemba m'mawa, mumupatse m'manja. Likapanda kupezeka, ndikupemphani chimodzi chokha: Lachitatu mukaime pa chipata cha m'malire cha Mwami. Nassoro ali ndi zaka makumi anayi ndipo ku Malawi sanapondeko. Akamutsitsa pamenepo, sadziwa kuti kwawo kumene akumuuzako n'kolowera kuti.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a Abiba ndi ana onse. Allah akusungeni, ndipo atipepuzire mtolowu.

Ndine mlongo wanu,
Hafswa