Nkhuku ziwiri za Che Amadu

Lolemba, 15 Seputembala 1986

Amene adzapeze kabukuka andikhululukire kalembedwe. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2 ku famu kuja ndinakulira, ndipo dzanja langa limapita kumene lafuna. Mawu ena ndimangolemba monga ndimawamvera. Kabukuka ndi kotsala kwa mwana wanga Hazel, masamba a masamu ndang'amba. Ndikulemba chifukwa Sisitala Muriel, nesi wathu, anati, "Amake Hazel, nkhawa zanuzo muziziika papepala, mtima uzipumako."

Nkhawa ya lero ndi Che Amadu.

Kalabu yathu ya Tichezerane tinaiyamba chaka chatha, amayi a kwathu ku Malawi okhala kuno ku Seke, mu Chitungwiza, Akhristu ndi Asilamu pamodzi. Chinatiyambitsa ndi mkulu wina wa ku Unit M amene anapezeka m'chipinda chake atamwalira masiku atatu, popanda wodziwa. Tsopano Loweruka lililonse okalamba athu amasonkhana pabwalo la kwa Mariam ku Unit K. Timaphika, Muriel amawayeza bipi, madala amasewera bawo, atsikana athu amawasambitsa m'manja ndi kuwawenga zikhadabo. Mayi aliyense anapatsidwa agogo ake owayendera. Agogo a anzanga onse amabwera. Anga ayi. Miyezi inayi tsopano.

Lachiwiri, 16 Seputembala

Ndinatseka tebulo langa la tomato pamsika wa Makoni msanga, ndinapita ku Unit L. Che Amadu amachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya anthu ena. Chimwalirire akazi awo Abiti Aziza chaka chatha, satulukanso, ngakhale ku mzikiti. Mwana wawo mmodzi yekhayo ali ku Bulawayo, salemba kalata.

Ndinawapeza atakhala pabedi, khomo lotseka masana dzuwa likuswa mtengo. Mapazi atupa, nsapato akuponda kumbuyo. Ndinafunsa za mutu umene umawapweteka nthawi zonse, anati ulipo, ndi mnzawo wakale. Ndinawasiyira masamba a repu ndi tomato, ndinatchulanso za Loweruka.

Anati, "Mama, zikomo. Koma ine ndaphikira azungu ku Highlands zaka makumi atatu. Anthu makumi anayi ndimawadyetsa ndekha pa Khirisimasi. Lero ndikakhale pamzere ndi mbale m'manja ngati wa kundende?"

Ndinati palibe mzere, timaperekera pamene munthu wakhala. Anati mzere wokhala pansi ndi mzerebe. Ndinaseka osafuna, iwonso anamwetulira pang'ono. Kenako ndinatsanzika n'kubwerera. Khomo lijalo ndimaliopa.

Lachitatu, 17 Seputembala

Ndalota khomo la Che A. Ndawauza abambo a Hazel, akuti ndisiye kudya mbatata madzulo.

Lachinayi, 18 Seputembala

Msonkhano wa amayi kwa Mariam. Loweruka lino kalabu ikwanitsa chaka, ndiye tagwirizana kuti m'malo mwa nyemba ndi matemba a masiku onse kukhale mpunga ndi nkhuku. Nkhuku zisanu ndi imodzi zapezeka, ena apereka za m'khola mwawo. Ndipo zonse aziika m'manja mwanga, chifukwa khola langa ndi lolimba. Ine! Ndinayesa kukana, Mariam anati, "Fainess, munthu amene amawerenga anapiye katatu pa tsiku ndiye woyenera."

A Mustafa, amuna a Mariam, abwera kwathu Loweruka seveni koloko kudzazinga nkhukuzo mwachisilamu, monga amachitira nthawi zonse pakakhala nyama, kuti tonse tidye mumphika umodzi.

Agogo a Fabiano analiponso ngakhale unali msonkhano wa amayi. Akuti anabwera kudzayang'anira. Mano atsala atatu koma akufuna awasungire nthutumba. Anna anati, "Mukatafunira chiyani, agogo?" Iwo, "Ndiyamba Loweruka, ndimaliza Lachiwiri. Ndithamangira kuti?"

Ndafika nazo kunyumba pa wilibala. Zimene ndikuopa: galu wa apaneba, akuba, chideru, mvula (abambo a Hazel akuti mu Seputembala mvula ichokera kuti), mpunga kupserera. Imodzi yoyera ija ikuoneka ngati ikuwodzera.

Lachisanu, 19 Seputembala

Yoyera ija ili bwino, inkangowothera dzuwa.

Koma madzulo ano Mariam wadutsa pamsika akuthamangira basi, akuti a Mustafa anyamuka kupita kumaliro a malume awo ku Shamva, abwera Lolemba. "Tiona mawa, usadandaule." Kundiuza ine kuti usadandaule!

Ndawerenga ndi zala. Kupha, kusosola, kuwaula, kutumbula, kunyamula mpaka ku Unit K, kuphika nkhuku za chikuda zolimba zija. Okalamba amadya thwelofu koloko chifukwa cha mapilisi. Nthawi siikwana.

Loweruka, 20 Seputembala

Miyendo ikuphwanya koma ndilembe zonse ndisanaiwale.

Ndinadzuka kusanache bwino, m'mutu muli koloko yokhayokha. Abambo a Hazel amagwira theka la tsiku Loweruka ku fakitale, ndiye ndinawagwira akumanga nsapato. Ndinati a Mackson, chonde, ndiphereni nkhukuzi musanapite, nthawi yatha. Anatenga mpeni. Ine ndikuteleka madzi, ndikusangalala kuti ndachita nzeru. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi.

Hazel anatuluka akutikita m'maso. Mwana ameneyu Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chishona, ndipo ndimamukalipira tsiku ndi tsiku. Anayang'ana nkhuku, anayang'ana bambo ake, n'kuti, "Ko Mhamha, vana mai Mariam vanodya here idzi?" Kufunsa ngati Mariam ndi anzake adya zimenezi.

Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi. Ine wakukula ndi Asilamu pa komboni imodzi, wodziwa kuyambira ndili kamwana kuti pa ukwati ndi pamaliro mbuzi amazinga ndi Msilamu kuti wina asagone ndi njala. Sikuti mwamuna aliyense wa mpeni. Ndinaopa galu, ndinaopa mvula, ichi chokha ndiye ndinachiiwala. Pafupifupi theka la okalamba athu ndi Asilamu. Tsiku la chaka, adye mpunga wouma chifukwa cha ine.

Abambo a Hazel anaima ndi yachisanu m'manja. Anati, "Amake Hazel, ikalowa mumphika idzaulula kwa ndani?" Ankaseka, koma ndivomere kuti mawuwo anakhala mumtima mwanga kanthawi ndithu. Kenako ndinaganiza za agogo Abiti Rabia, osaona aja, amene amalandira chilichonse tawaikira m'manja n'kunena kuti zikomo ana anga. Ndinati ibwezeni m'khola.

Ndinathamanga mpaka ku Unit K, duku lili m'manja. Mariam anali akusesa pabwalo. Ndinagwada, mawu osatuluka bwino. Anaganiza kuti kwagwa maliro. Atamva, anagwira tsache n'kuseka mpaka misozi.

"Zatsala zingati zamoyo?"

"Ziwiri."

"Ziwiri zikwana, tidula tizidutswa. Mphika wina, chipande china. Dzuka, ukudetsa chitenje."

Ndinati nanga azinga ndani, a Mustafa kulibe. Anati amuna achisilamu mu Unit K muno ndi ambiri, akhoza kuitana mmodzi pompano. Kenako anasiya kusesa, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Koma sindiitana. Pita kwa agogo ako. Usakatchule za chakudya. Ukawauze zimene wachitazi, monga wandiuzira inemu, ndi nkhope yomweyi."

Ndinati Mariam, manyazi andipha. Anati manyazi sanaphepo munthu ku Chitungwiza kuno, thamanga.

Ndinadzera kunyumba, ndinatenga Hazel ndi nkhuku ziwirizo m'dengu. Che Amadu anatsegula khomo pang'ono, anati, "Mama, lero si Lachiwiri." Ndinafotokoza zonse, osabisa. Ndinati agogo, ndalakwa, ndipo anzanu sadya ngati simundithandiza.

Anasuzumira m'dengu. Kenako, "Zinayi? Mwamuna wako wapha zinayi?"

"Ndinamutuma ndine, agogo."

"Mwana wa ku Malawi iwe?"

"Eya, agogo."

Anapukusa mutu, anati ana obadwira kuno atimaliza. Anatseka khomo. Ndinati basi zatha. Koma tinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Anatuluka atavala kofia ndi jekete, m'manja mpeni wokulunga m'nsalu yoyera. Ndinatula dengu kuti azingire pomwepo. Anati, "Pano? Pa ngalande ya anthu? Tiyeni kumene kuli mphikako, ndikaone ndi maso anga kuti simusakaniza."

Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mapazi aja. Hazel anawagwira mkono, iwo osakana. Ine kumbuyo ndi dengu pamutu, ndikuopa kupuma mokweza kuti angasinthe maganizo.

Kwa Mariam anapempha madzi, anasamba m'manja ndi kumaso. Anauza Hazel kuti ayambe wazimwetsa madzi nkhukuzo. Mpeni ananolera kuseri kwa nyumba, akuti nyama isaone. Anayang'ana kumene amayang'ana popemphera, anatchula dzina la Mulungu, ndipo yachiwiri anaizinga yoyamba itachotsedwa. Atsikana onse anaunjikana kuonerera. Hazel anafunsa chifukwa chake cha madziwo, m'Chishona. Iwo anati, "Sindikumva." Anafunsanso. "Sindikumva, makutu akalamba." Mpaka mwana wanga anati, "Agogo, chifukwa chiyani mwazipatsa madzi?" Pamenepo makutu anatseguka. Anati mlendo amene akukupatsa moyo wake sapita ndi ludzu. Zaka zonsezi ndikukalipa, iwo mphindi ziwiri!

Atapukuta mpeni anati akupita. Koma podutsa pamoto anaona Anna akuthira mpunga m'madzi ozizira. Anaima.

"Mama, mukuphika phala la odwala?"

Anna si munthu wouzidwa. Anagwira m'chiuno, anati, "Ngati mukudziwa, chipande ichi." Che Amadu anachilandira. Jekete anapatsa Hazel. Anaitanitsa anyezi, mafuta, mpando. Kuyambira pamenepo tonse tinasanduka antchito awo. Uyu tsuka, uyu chepetsa moto, makala ena aikidwe pamwamba pa chivundikiro.

A Fabiano atafika anaima pageti n'kufuula, "Amadu! Ndimayesa unabwerera ku Mangochi wapansi!" Iwo osatembenuka, "Ndimadikira mano ako athe kuti nyama izititsalirako." Kani anthuwa anakwera sitima imodzi pobwera kuno kalekale. Ine sindimadziwa.

Chakudya chinachedwa ndi theka la ola ndipo palibe anafa. Miphika iwiri ya nkhuku inakhala uku ndi uku, Mariam anamanga kansalu pachipande cha mphika wozinga. Nkhani yanga aliyense anaimva, a Fabiano akunditchula kuti Mai Zinayi. Abiti Rabia anandiitana, anandipapasa kumaso, anati, "Ndiwe unanena wekha? Khala apa udye ndi ine." Ndinadya nawo mbale imodzi.

Che Amadu anakana kukhala mpaka onse atalandira. Kenako anadziikira okha, anakadyera pafupi ndi bawo. Mbale ziwiri, ndinawerenga. Muriel anawazembera ali mkati mokangana ndi a Fabiano za bawo, anawakulunga lamba woyezera bipi pamkono. Nkhope ya Muriel sinandisangalatse. Anawalembera kalata yoti apite nayo ku kiliniki sabata ino, anati bipi yakwera kwambiri ndipo mapaziwo akufunika dokotala. Che Amadu anaipinda, anaiika m'thumba la jekete.

Lamulungu, 21 Seputembala

Kutchalitchi amayi awiri andipatsa moni kuti Mai Zinayi. Dzinali lakhala basi. Abambo a Hazel akuti iwo ndiye anayenera kutchuka, popeza mpeni unali wawo.

Masana onse ndimaganiza za kalata ija. Kapena ayatsira mbaula.

Lolemba, 22 Seputembala

Ndinakonza zoti ndipite ku Unit L mawa monga mwa masiku onse. Koma cha m'ma folo koloko, ndikuanula zovala, ndamva "Odi" pageti. Che Amadu, kofia, jekete, ndodo. Ayenda okha kuchokera kwawo. Ndinasowa chogwira, ndinawapatsa mpando wathu wothyoka mwendo, kenako ndinawalanda n'kuwapatsa wina.

Akuti sanabwerere ine, abwerera "mdzukulu wawo" Hazel. Atulutsa kapepala kokulunga timitengo tonunkhira ndi tinjere takuda, akuti Loweruka likubwerali mpunga aphika ndi Hazel, iwo azingoloza ndi ndodo. Ayambe lero kuphunzira mayina ake. Panopa ali pakhonde awiriwo, ndikuwamva. Hazel akulakwitsa, iwo akuti bwereza.

Powapatsa tiyi ndafunsa za ku kiliniki, ndati ndikhoza kuwaperekeza Lachitatu m'mawa, tebulo andiyang'anira Anna. Agwira thumba la jekete, pepala lalira m'katimo. Ati, "Shuga wachepa mu tiyi umu, mama."

Kalata ilipo. Sanavomere kupita, sanakanenso. Mapazi akadali otupa.