Botolo la Mapilitsi Pashelefu

Lolemba, 3 Malichi

Watsegulanso malo ake ometera mchimwene wanga. Wapukuta galasi, wathira mafuta m'makina ometera, wavala epuloni yake yoyera ija. Chitulukireni kuchipatala cha matenda a maganizo, lero n'koyamba kugwira makina. Manja osanjenjemera olo pang'ono. Ine pakhonde kuluka tsitsi la makasitomala anga, koma diso lili mkati.

Obwera kudzameta? Ntchentche zokha.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndapsa mtima lero, mpaka ndamukoka tsitsi mwana wa eni ake osadziwa.

A Dazi a pagolosale yoyandikana nafe amauza anyamata a njinga, mokweza dala kuti timve: "Khosi langa kulipereka kwa munthu wozungulira mutu, lezala ili m'manja? Ana anga akadali aang'ono ine." Anyamata aja gwa, kuseka. Munthu wopanda ndi tsitsi limodzi lomwe kumutu, ndiye akhale katswiri wa nkhani zometa.

Mchimwene wanga anamva. Anangopitiriza kutsuka zipeso zimene zinali zoyera kale.

Mantha anga ndi amodzi. Akataya mtima abwerera kuchipinda kuja, makatani otseka, osadya, osayankhula ndi munthu, ngati chaka chatha. Anesi anatiuza kuti ntchito nayonso ndi mankhwala. Nanga ntchito yake iti, mpando uli gwaa wopanda munthu?

Lachinayi, 6 Malichi

Botolo lake la mapilitsi waliika pashelefu, pakati pa sipiliti ndi paudala, poti aliyense wolowa alione. Ndinalibisa m'dilowa. Pobwera kotunga madzi ndalipeza labwerera pamalo pake.

Ndati iwe, ukufuna anthu athawiretu?

Akuti, "Achemwali, odwala shuga amabisa awo? Anthu aziona kuti ndikumwa, ndipo ndili bwino."

Kenako n'kundiuza kuti anesi amupempha akayankhule Lachiwiri kuchipatala chaching'ono, pamabenchi podikirira paja. Ndati usapite, akakuseka. Akuti akuseka kale, bola akaseke atamva zoona. Mwana ameneyu makani anatengera mayi.

Loweruka, 8 Malichi

Odzameta awiri okha, ana a anesi. Koma mzere wa pachipumi, ngati wajambula ndi lula.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndinapita naye kuchipatala chaching'ono kuja. Anthu anali tho pamabenchi, amayi ndi ana kumsana, madala a BP ndi timabuku tawo. Iye wapita atavala epuloni yometera, akuti anthu adziwe kuti akuyankhula ndani.

Anayamba chonchi: "Ine ndine uja munamva kuti anapenga. Sindinalodzedwe, sindinasute chamba. Ndinadwala. Tulo tinatha, ndinkamva mawu koma owayankhula osawaona. Achemwali angawa ananditengera kuchipatala, osati kundimanga chingwe. Pano ndimamwa mankhwala, ndimagona, ndimameta."

Ngakhale makanda anakhala ngati amva.

Mayi wina anakweza mkono, akuti kodi matendawa amapatsirana? Iye akuti, "Mayi, chimene mungatenge kwa ine ndi kametedwe kabwino basi." Anthu anaseka, koma kuseka kwina, osati kwa pagolosale kuja. Mafunso anachuluka mpaka anesi anachita kudula kuti sikelo iyambe.

Ndanyadira. Ndilembe kawiri, ndanyadira. Mwana amene ndinkamubereka kumsana, amene chaka chatha ndinkamudyetsa ndi supuni, lero kuima pamaso pa gulu osaphethira. Ndinalira pang'ono, ndinanamizira chimfine.

A Dazi analipo, kumbuyo pamzere wa BP. Maso anali pansi nthawi yonse.

Lachinayi, 13 Malichi

Mnyamata mmodzi wa njinga wameta. Anzake amasuzumira pawindo ngati akuonera mpira. Watuluka ndi makutu onse awiri.

Lachisanu, 14 Malichi

M'mawa a Dazi alowa osapereka moni, n'kukhala pampando. Ndati lero kuli nkhondo, ndasiya mutu wa kasitomala theka n'kuima pakhomo.

"Undimete ndevu," akutero. "Ndi lezala."

Mchimwene wanga wawafunditsa nsalu, wapaka thovu, watsegula lezala yatsopano iwo akuona. A Dazi apendeketsa mutu chagada, khosi lonse poyera, maso otseka. Khosi lomwe lija.

Lezala itafika pansi pa chibwano ndi pamene a Dazi anayankhula, motsitsa, koma ndinamva.

"Mwana wanga wamkazi wamkulu uja, sali kwa azakhali ake monga timauzira anthu ayi. Ali m'nyumba. Tinamutsekera kuchipinda chichokereni Khirisimasi. Akuyankhula yekha, sakugona."

Dzanja la mchimwene wanga silinaime. "Musagwedezeke, bambo," akutero. "Tikamaliza pano tipitira limodzi kwa anesi. Mtsikanayo musamukalipire, mukangomuuza kuti tikupita kukapeza tulo."

Misozi ya a Dazi imatsikira m'thovu. Iye amangopukuta ngati ndi madzi.

Apita. Makiyi wandisiyira ine. Pabenchi pali amuna awiri odzameta, ndawauza kuti wometa watuluka kaye, achedwa.

Akuti adikira.