Wodula Sasankha

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko munapitako? Kuno tilipo. Mvula yagwa bwino ndipo tiyi waphukira moti madengu akudzaza dzuwa lisanafike paliwombo. Koma nthochi zanu za kudimba zija zinagwidwa ndi matenda a chisaka, tinazula zonse. Achemwali Esinati anachira mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe, ngakhalenso kakwiyidwe.

Sukulu ija ndatsala pang'ono kumaliza. Paja munkandiseka kuti Felista, digiri yachiwiri yonseyi ukuphunzira masewera, bwanji osangokhala pa bawo pa Luchenza? Mpaka lero ndimavutika kufotokozera anthu. Timaphunzira mmene munthu amasankhira zochita akudziwa kuti mnzake nayenso akusankha, ndipo timauza kompyuta kuti iwerengere kumene zikathere. Theka ndi zachuma, theka ndi zamakompyuta. Aphunzitsi anga andipezera malo kunja kuti ndikapitirize, ndipo mumtima ndinali nditatsimikiza kuti ndikapita ndapitiratu. Chikuikireni m'manda, nyumba yanu inkandiopsa. Ndikabwera ndinkagona kwa achemwali, m'mawa n'kukwera kabaza osayang'ana n'komwe khomo lanu.

Mwezi watha atsibweni anatiitana kuti tigawane malo anu, poti ana aakazi ndife awiri basi. Anayamba ndi mawu ambiri, mukuwadziwa achimwene anu, kuopa kuti tingadane ngati ana a kutsidya aja amene salonjerana chifukwa cha mzere umodzi wa tiyi. Ine ndinati musavutike, nkhani ya kugawana ndi imene ndikulemba kusukulu. Wina adule malire, wina asankhe mbali. Wodulayo amadula mofanana poopa kutsala ndi kochepa. Achemwali anangoseka, amvekere zimenezo mpaka ku yunivesite? Zoonadi, ndi lamulo lanu lomwe lija la pa chigumu. Munkapatsa mmodzi mpeni n'kunena kuti, "Wodula sasankha."

Mpeni unagwera achemwali. Anabereka mwana kumsana, anatenga zikhomo, ife tikutsatira pambuyo. Ndinkayembekeza kuti alowa pakati pa munda. Ayi ndithu, anadutsa tiyi yense osaima, mpaka anafika kuseri kwa nyumba yanu n'kukhoma zikhomo pamenepo. Mbali imodzi tiyi yense, kuyambira kumsewu wa esiteti mpaka kukhwawa. Mbali inayo nyumba, mtengo wa mapeyala ndi kabwalo kaja munkayanikapo nandolo. Atatero anapukuta manja n'kundiuza kuti sankha, mwana wa sukulu.

Amayi, ndinayang'ana tiyi, ndinayang'ana nyumba. Kutenga tiyi kukanakhala kulanda chakudya m'kamwa mwa mwana wobadwa kumene, pakuti achemwali ndi alamu moyo wawo ndi dengu ndi sikelo. Kutenga nyumba n'kudzimangirira, poti nyumba yopanda mwini imagwa, ndipo yanuyo yayamba kale kudontha kuchipinda. Chondiwawa n'choti zimenezi zili m'mabuku athu. Wodula akamudziwa mtima wosankhayo, amadula mmene akufunira iye. Ndinalembapo mayeso n'kukhoza bwino, koma sindinaganize kuti amene amandidziwa chotero ndi munthu amene ankandibereka kumsana inu muli kothyola.

Ndinakwiya pang'ono, ndisaname. Ndinati achemwali mwandichenjerera. Iwo sanakane. Anati tiyi akanatha kundigawira tsiku lina lililonse, koma anaona kuti ndikatenga mizere yanga ndidzangoibwereketsa kwa anthu n'kumafunsa za iyo pa foni. Anati anaika kale mayi m'manda, safuna kutayanso mng'ono wawo ali moyo. Atsibweni anangoyang'ana kumbali, n'kumakonza chipewa chomwe chinali bwinobwino.

Ndinasankha nyumba. Kiyi anali pansi pa mwala uja mmene munkamusiyira. Nditatsegula ndinapeza nsapato zanu za pulasitiki zili pakhomo, dothi lofiira likadali kuzidendene. Ndinakhala pansi n'kulira, ndipo achemwali anandisiya, sanalowe. Kenaka ndinatsegula mawindo, ndinasesa, ndipo tinadyera mapeyala pakhonde.

Kunjako ndipitabe, musadandaule. Munkati sukulu sasiyira panjira ngati mtolo wa nkhuni. Koma ndawauza aphunzitsi kuti tchuthi chilichonse chachikulu ndizibwera kwathu, ndipo ndikamaliza ndidzafuna ntchito konkuno. Anandifunsa ngati kuli vuto kumudzi. Ndinati ayi, kungoti ndili ndi nyumba.

Malata a kuchipinda ndisintha ndisananyamuke. Nsapato zanu sindinazitsuke, zili pomwe munazisiya, ndipo zanga ndaziika pambali pake. Ndikulonjeza kuti khomo limenelo silidzameranso udzu.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Felista